Kodi -7 kugawa ndi 2 ndi -3 kapena -4? Kompyuta imayankha zonse ziwiri

Lembani -7 / 2 mu C, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, kompyuta ikupatsani -3. Funsani chotsala polemba -7 % 2, ikupatsani -1. Funso lomwelo lipititseni ku Python, mulembe -7 // 2 ndi -7 % 2, mayankho ake akhala -4 ndi 1. Makina ndi omwewo, masamu ndi omwewo, ndipo palibe chilankhulo chimene chalakwitsa. Wolemba mapulogalamu amene sanamvetse chifukwa chake amatha kupanga pulogalamu yoyenda bwinobwino kwa miyezi, mpaka tsiku limene nambala ya pansi pa ziro idzalowemo.

Kugawa kumene tikukamba pano ndi kwa nambala zathunthu, kopanda madesimo. Ndi kuja timaphunzira tili ana: 17 kugawa ndi 5, yankho 3 kutsala 2. Ntchito ndi imodzi koma zotuluka ndi ziwiri. 3 uja ndi gawo, kutanthauza maulendo amene 5 amalowa mu 17, ndipo 2 ndi chotsala. M'mabuku a mapulogalamu mudzazipeza zikutchedwa quotient ndi remainder. Ziwirizi zimamangidwa ndi lamulo limodzi: mukachulukitsa gawo ndi nambala yogawira, n'kuphatikiza chotsala, mubwerere pa nambala imene munayamba nayo. Polemba mwachidule, a = b × q + r. Pa chitsanzo chathuchi, 5 × 3 + 2 = 17.

Lamuloli palokha silikwanira, chifukwa 5 × 2 + 7 ndi 17 yemweyo, 5 × 1 + 12 chimodzimodzi. Ndiye pamawonjezedwa lachiwiri, lakuti chotsala chichepere nambala yogawira. Ngati patsala 7 pamene mukugawa ndi 5, ndiye kuti simunamalize kugawa. Pa nambala za pamwamba pa ziro nkhani imathera pomwepa, ndipo yakhala choncho kuyambira nthawi ya Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 BC. Masamu ake anali oyeza utali wa mizere ndi kuwerenga zinthu, moti nambala za pansi pa ziro munalibemo.

Zikangolowa nambala zimenezi, mayankho amakhala awiri. Onani kuti 2 × (-3) + (-1) ndi -7, komanso 2 × (-4) + 1 ndi -7. Konse kuwiri chotsala kukula kwake ndi 1, kochepera 2. Yankho la madesimo ndi -3.5, lili pakati penipeni pa -4 ndi -3, ndipo wina ayenera kugamula mbali yoti ligwere. Zili ngati anthu awiri amene ali ndi ngongole ya 7. Akalipira 3 aliyense, patsala ngongole ya 1. Akalipira 4 aliyense, mwini ndalama awabwezera 1. Njira zonse ziwiri n'zachilungamo, koma m'buku la ngongole simungalembe kuti analipira 4 aliyense kenako n'kulembanso kuti patsala ngongole ya 1.

Mabanja atatu

Njira zogamulira mbali zili m'mabanja atatu. Banja loyamba limangodula madesimo n'kutaya. -3.5 amasanduka -3, monga mmene 3.5 amasandukira 3. Gawo limakokeredwa ku ziro nthawi zonse, ndipo chotsala chimatenga chizindikiro (pulasi kapena mayinasi) cha nambala yogawidwa. M'banja limeneli muli C, C++, Java, C#, Go, Rust ndi Swift, ndiponso chizindikiro cha % cha mu JavaScript.

Banja lachiwiri limatsitsa gawo kupita ku nambala yathunthu ya m'munsi mwake. M'munsi mwa 3.5 muli 3, koma m'munsi mwa -3.5 muli -4. Apa chotsala chimatenga chizindikiro cha nambala yogawira. Donald Knuth anagwiritsa ntchito tanthauzo limeneli m'mabuku ake a The Art of Computer Programming, ndipo ndi limene Python ndi Ruby amatsata.

Banja lachitatu ndi la anthu a masamu, ndipo limatchulidwa ndi dzina la Euclid. Lamulo lake n'lakuti chotsala chisatsike pansi pa ziro zivute zitani. Raymond Boute analemba nkhani yolikometsera mu 1992. Likagawa ndi nambala ya pamwamba pa ziro silisiyana ndi banja lachiwiri. Kusiyana kumaoneka pokhapokha yogawirayo ili ndi mayinasi. Tengani 7 kugawa ndi -2: C ayankha -3 kutsala 1, Python ayankha -4 kutsala -1, Euclid agwirizana ndi C. Tengani -7 kugawa ndi -2: C ndi Python agwirizana pa 3 kutsala -1, Euclid ali yekha pa 4 kutsala 1. Kugawa ndi nambala ya mayinasi sikuchitikachitika m'mapulogalamu a tsiku ndi tsiku, kotero mkangano weniweni uli pakati pa mabanja awiri oyambawo.

Mmene C anafikira pa chisankho chake ndi nkhani yophunzitsa. Malamulo oyamba ovomerezeka a chilankhulochi, a mu 1989, sanagamule n'komwe. Anati nambala imodzi ikakhala ya mayinasi, wopanga compiler, pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kukhala malamulo a makina, asankhe yekha mbali, bola lamulo lija la a = b × q + r lisasweke. Cholinga chinali chakuti C azithamanga pa purosesa iliyonse, kachipangizo kowerengera ka m'kati mwa kompyuta, osaikakamiza kuchita zimene sinapangidwire. Zotsatira zake zinali zakuti pulogalamu imodzimodziyo inkatha kupereka mayankho osiyana pa makina osiyana. Malamulo a mu 1999 ndi amene anatseka mpata umenewu posankha kudulira ku ziro, monga mmene chilankhulo cha Fortran chinkachitira kuyambira kale ndiponso mmene mapurosesa ambiri amagawira. C++ anadzatsatira mu 2011. Chisankhochi sichinachokere pa kukongola kwa masamu ayi, chinachokera pa zimene makina ndi mapulogalamu akale ankachita kale.

Guido van Rossum, mlengi wa Python, anasankha njira inayo, ndipo mu 2010 anafotokoza chifukwa chake pogwiritsa ntchito nthawi. Makompyuta ambiri amasunga nthawi ngati chiwerengero cha masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86400. Kuti mudziwe tsiku mumagawa ndi 86400, ndipo chotsala chimakuuzani nthawi ya tsikulo. Nanga sekondi imodzi chaka cha 1970 chisanayambe? Nambala yake ndi -1. Python ayankha kuti tsiku ndi -1 ndipo chotsala ndi 86399, kutanthauza 23:59:59 pa 31 Disembala 1969. Ndi zoona ndendende. C ayankha kuti tsiku ndi 0 ndipo chotsala ndi -1, ngati kuti pa 1 Januwale panali sekondi ina ya mayinasi. Palibe wotchi imene imaonetsa zimenezo.

Chilichonse chozungulira chimakumana ndi vuto lomweli. Patsani masiku a sabata manambala, Lolemba 0 mpaka Lamlungu 6. Lero ndi Lachiwiri, nambala 1. Masiku atatu apitawo linali tsiku lanji? Mumawerengera (1 - 3) % 7. Python akupatsani 5, Loweruka. Java ndi C akupatsani -2, ndipo mukagwiritsa ntchito -2 potenga dzina la tsiku mumndandanda, Java aimitsa pulogalamu ndi uthenga wakuti mwatuluka kunja kwa mndandanda. C sanena kanthu. Amangowerenga chilichonse chimene chili m'memore pamalo amenewo n'kukupatsani ngati dzina la tsiku.

Pali chilema china cha kudulira ku ziro chimene sichioneka msanga. Tiyerekeze kuti mukugawa malo a pamapu kapena a m'masewera a pakompyuta m'timabokosi ta mayunitsi 10. Kuyambira 10 mpaka 19 ndi bokosi 1, kuyambira 20 mpaka 29 ndi bokosi 2. Mu C, manambala onse kuyambira -9 mpaka 9 amagwera m'bokosi 0. Amenewo ndi manambala 19, pamene mabokosi ena onse ali ndi 10. Bokosi la pakati limanenepa pafupifupi kawiri, ndipo zojambula zimapindika podutsa pa ziro. Mukamatsitsa gawo monga amachitira Python, mabokosi onse amafanana.

Komabe musafulumire kunena kuti C ndi wolakwa. Kudulira ku ziro kuli ndi ubwino wake: mbali ya mayinasi imangofanana ndi ya pulasi, kusiyana chizindikiro chokha. Mukafuna kusonyeza masekondi 10000 ngati maola, mphindi ndi masekondi, mumagawa ndi 3600 n'kupeza 2 kutsala 2800, kenako 2800 ndi 60 n'kupeza 46 kutsala 40. Ndiye kuti maola 2, mphindi 46, masekondi 40. Tsopano yesani -10000, mwina posonyeza kuti wothamanga wafika msanga kuposa nthawi yoyembekezeka. C apereka -2, -46 ndi -40, zimene munthu amazimva mosavuta. Python apereka maola -3, mphindi 13 ndi masekondi 20. Masamu ake ndi olondola, koma palibe amene angafune kuwerenga zotero pa sikirini. Kwa ine, kutsitsa ndi kumene kumafunika kawirikawiri, chifukwa ntchito zambiri za chotsala ndi za zinthu zozungulira ndi za malo mumndandanda. Koma mukamayeza kuchuluka kwa chinthu chimene chingakhale phindu kapena kutayika, kudula ndi kumene kumagwirizana ndi nzeru za munthu.

Opanga zilankhulo zina anaona kuti palibe chifukwa chosankhira chimodzi. Haskell ali ndi quot ndi rem zodula, komanso div ndi mod zotsitsa. Ada ali ndi rem ndi mod. Fortran 90 anawonjezera MODULO pambali pa MOD yakale. Java 8, ya mu 2014, inabweretsa Math.floorDiv ndi Math.floorMod. Rust ali ndi div_euclid ndi rem_euclid. Kumene kulibe zoterezi, olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito kachenjerero kakuti ((a % n) + n) % n. Chotsala choyamba chikakhala -2, kuphatikiza 7 kumabweretsa 5. Chikakhala 3, kuphatikiza 7 kumabweretsa 10, ndipo % wachiwiri uja amachibwezera pa 3.

Kusakaniza mabanja

Cholakwa choopsa kwambiri si kusankha banja ili kapena ilo. Ndi kutenga gawo ku banja lina, chotsala ku banja linanso.

JavaScript amakopera anthu mu msampha umenewu. Manambala ake wamba onse ndi a madesimo, kotero 7 / 2 ndi 3.5 basi. Wofuna gawo lathunthu amathamangira Math.floor(a / b), imene imatsitsa, kenako chotsala amachitenga ndi a % b, amene amadula. Pa 7 ndi 2 zonse zili bwino. Pa -7 ndi 2 apeza -4 ndi -1, ndipo 2 × (-4) + (-1) ndi -9. Manambala awiri asowa. Mnzake weniweni wa % mu JavaScript ndi Math.trunc, imene imadula.

Excel nayenso ali ndi zomwezi koma motembenuza. QUOTIENT(-7,2) amadula n'kupereka -3, pamene MOD(-7,2) amatsitsa n'kupereka 1. Phatikizani muone: 2 × (-3) + 1 ndi -5. Maina awiriwa amaoneka ngati mapasa, koma mnzake wa MOD ndi INT(-7/2), imene imapereka -4. Anthu ambiri ogwiritsa ntchito Excel sadziona ngati olemba mapulogalamu, ndipo palibe amawachenjeza.

N'chifukwa chake zilankhulo zambiri zili ndi njira yotengera zonse ziwiri nthawi imodzi. Mu Python, divmod(-7, 2) amapereka -4 ndi 1 pamodzi. Mu C muli function yotchedwa div, imene imabweza quot ndi rem. Haskell ali ndi divMod ndi quotRem. Ndipo ngati mwapeza gawo mwa njira ina iliyonse, chotsala chodalirika ndi a - b × q. Chimenechi sichingatsutsane ndi gawo lanu chifukwa chabadwa mwa ilo.

Zimene purosesa imachita

Purosesa imagawa monga mmene mwana amagawira pa pepala, kutsitsa nambala imodziimodzi, kungoti manambala ake ndi 0 ndi 1 okha. Zimenezi zimachotsa kuganizira kuti yogawira ilowa kangati, chifukwa imalowa kamodzi kapena silowa. Tengani 13 kugawa ndi 3. Mu binary, kalembedwe ka 0 ndi 1 kameneka, 13 ndi 1101. Mutenge 1 woyamba: 3 salowa, lembani 0. Tsitsani 1 wachiwiri, mukhala ndi 11, amene ndi 3: walowa, lembani 1, patsala 0. Tsitsani 0: salowa, lembani 0. Tsitsani 1 womaliza: salowa, lembani 0. Gawo ndi 0100, kutanthauza 4, ndipo 1 amene watsala m'manja ndiye chotsala. Chotsala sichifuna ntchito yapadera, chimangotsalira pomaliza kugawa.

Pachifukwa chimenechi mapurosesa a x86, a Intel ndi AMD, ali ndi lamulo limodzi, DIV kapena IDIV, limene limatulutsa zonse ziwiri: pa manambala a ma bit 32 (bit ndi 0 kapena 1 mmodzi) gawo limapita mu EAX, chotsala mu EDX, timalo tiwiri tosungira manambala m'kati mwa purosesa. Compiler yabwino ikaona a / b ndi a % b moyandikana imagawa kamodzi kokha. Mapurosesa a ARM, amene ali m'mafoni ambiri, anasankha zina. Lamulo lawo la SDIV limapereka gawo lokha, ndipo chotsala chimapezeka pochulukitsa ndi kuchotsera, a - b × q yemwe uja.

Pa ntchito zinayi za masamu, kugawa ndi kumene kumachedwa kwambiri. Pochulukitsa, zidutswa zambiri zimatha kuwerengedwa nthawi imodzi. Pogawa, sitepe iliyonse imadikira chotsala cha sitepe yapitayo. Mapurosesa amakono amapeza ma bit angapo pa sitepe imodzi, komabe kugawa kumatenga nthawi yochuluka kangapo kuposa kuchulukitsa. Ndiye ma compiler amakuzemba akapeza mpata. Mukalemba x / 10, kawirikawiri purosesa sigawa n'komwe. Pa nambala ya ma bit 32 yopanda chizindikiro, imene singakhale ya mayinasi, compiler imachulukitsa x ndi 3435973837 kenako n'kutaya ma bit 35 a kumapeto. Chinsinsi chake n'chakuti kutaya ma bit 35 ndi kugawa ndi 34359738368, ndipo 3435973837 ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a nambala imeneyo, litakwezedwa pang'ono. Kukwezako n'kochepa kwambiri moti pa manambala onse a ma bit 32 yankho limatuluka lolondola. Torbjörn Granlund ndi Peter Montgomery anafotokoza njirayi mwatsatanetsatane mu 1994.

Kugawa ndi 2, 4, 8 kapena 16 n'kosavuta kuposa pamenepa. Mumangosuntha ma bit kupita kumanja, ndipo ma bit amene agwa ndiwo chotsala. Apa pali chodabwitsa: kusuntha kumeneku kumatsitsa, sikudula. Mu Java, -7 >> 1, kutanthauza kusuntha ma bit kamodzi, ndi -4, pamene -7 / 2 ndi -3. Ndiye kuti mabanja onse awiri amakhala m'purosesa imodzi. Compiler ikafuna kugwiritsa ntchito kusuntha m'malo mwa / pa nambala imene ingakhale ya mayinasi, imayenera kuwonjezera masitepe okonza kusiyanako. Wolemba pulogalamu amene amasintha yekha x / 2 kukhala x >> 1 pofuna liwiro sapindula kanthu, chifukwa compiler ikanachita yokha, ndipo wasintha yankho osadziwa.

Misampha ya pamwamba pa ziro

Ngakhale popanda mayinasi, kugawa kwa nambala zathunthu kumagwetsa anthu. Wophunzira aliyense wa C kapena Java amakumana ndi pulogalamu yosintha kutentha kuchoka ku Fahrenheit kupita ku Celsius. Akalemba 5 / 9 * (f - 32), yankho limakhala 0 nthawi zonse, chifukwa 5 / 9 ndi 0 kutsala 5, ndipo 5 wotsalayo watayidwa kale kuchulukitsa kusanayambe. Chimodzimodzi 45 / 60 * 100 ndi 0, pamene 45 * 100 / 60 ndi 75. Chulukitsani kaye, mugawe pomaliza, bola kuchulukitsako kusasefukire kukula kwa nambala.

Python wakale, wa 2, ankachita monga C pa manambala a pamwamba pa ziro: 7 / 2 anali 3, koma 7.0 / 2 anali 3.5. Tanthauzo la chizindikirocho linkadalira mtundu wa nambala imene yalowa, chinthu chovuta m'chilankhulo chimene simulengeza mitundu pasadakhale. Mu 2001 anabweretsa // kuti akhale wa kugawa kotsitsa, ndipo Python 3, wa mu 2008, anasintha / kuti azipereka madesimo nthawi zonse.

Kusinthaku kunabala chizolowezi china choipa, cholemba int(a / b) m'malo mwa a // b. Choyamba, int amadula pamene % amatsitsa, ndiye mwasakaniza mabanja. Chachiwiri, a / b amadutsira mu nambala ya madesimo, imene imasunga manambala athunthu onse molondola mpaka 9007199254740992 basi. Kupitirira apo imayamba kudumpha ena. Yesani int(9007199254740993 / 1), mupeza 9007199254740992. Mwagawa ndi 1 koma nambala yasintha. Manambala aakulu chonchi si achilendo: nthawi yoyezedwa m'ma nanosecond (sekondi imodzi ili ndi 1,000,000,000) kuyambira 1970 inadutsa kale malire amenewa.

Nthawi zina chofunika ndi kukweza, osati kutsitsa. Zinthu 101, tsamba lililonse likutenga 10, zifuna masamba 11. Njira yodziwika ndi (a + b - 1) / b, apa (101 + 9) / 10. Ikakhala 100 ndendende, (100 + 9) / 10 ndi 10, sikuwonjezera tsamba lopanda kanthu. Mu Python ena amalemba -(-a // b), kugwiritsa ntchito kutsitsa kwa mbali ya mayinasi kuti akweze mbali ya pulasi.

Palinso kukondera kumene % amabweretsa posankha mwachisawawa. Ngati makina akupatsani nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 9 ndipo inu mwatenga chotsala pogawa ndi 3, chotsala 0 chibwera kuchokera ku 0, 3, 6 ndi 9, pamene 1 ndi 2 ali ndi manambala atatu okha aliyense. Pa masewera wamba zilibe kanthu kwenikweni. Pa kupanga makiyi achinsinsi zili ndi kanthu, ndipo mankhwala ake ndi kutaya 9 akabwera n'kutenganso nambala ina.

Chifukwa chimene zonsezi zilili zofunika n'chakuti chotsala chili paliponse. Chaka chimakhala ndi masiku 366 ngati chigawika ndi 4, kupatula chogawika ndi 100 chimene sichigawika ndi 400. 2000 chinali chotero, 1900 ayi, 2100 sichidzakhalanso. Nambala yomaliza ya pa khadi la kubanki imatsimikizidwa ndi njira ya Hans Peter Luhn wa ku IBM, imene imayang'ana chotsala pogawa ndi 10. Nambala za maakaunti a kubanki zapadziko lonse, IBAN, zimayesedwa pogawa ndi 97. Njira ya Euclid yopezera nambala yaikulu yogawa manambala awiri ndi kutenga zotsala mobwerezabwereza: 252 ndi 105 atsala 42, 105 ndi 42 atsala 21, 42 ndi 21 satsala kanthu, yankho 21. Carl Friedrich Gauss anaika masamu a zotsala m'dongosolo mu 1801, ndipo njira yobisira mauthenga ya RSA, ya mu 1977, yaima pa masamu amenewo.

Pamene yankho palibe

Kugawa ndi ziro kulibe yankho, poti palibe chotsala chimene chingachepere ziro kukula kwake. Chimene chimachitika chimadalira kumene muli. Python amaimitsa ndi ZeroDivisionError, Java ndi ArithmeticException. Mu C malamulo salonjeza chilichonse. Purosesa ya x86 imakana n'kudula pulogalamu, ndipo pa Linux uthenga wake umatchedwa SIGFPE, dzina lonena za manambala a madesimo ngakhale kuti olakwa ndi athunthu. Purosesa ya ARM ya ma bit 64 imangopereka 0 n'kupitiriza. RISC-V imapereka gawo lodzaza ndi ma 1 okhaokha, ndipo chotsala chimakhala nambala yogawidwa yomweyo. Mzere umodzi wa C ungagwetse pulogalamu pa laputopu koma n'kudutsa mwakachetechete pa foni.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Nambala ya ma bit 32 yokhala ndi chizindikiro imayambira pa -2147483648 n'kulekezera pa 2147483647. Mbali ya mayinasi ndi yotalikirapo ndi nambala imodzi, chifukwa ziro anadya malo ku mbali ya pulasi. Mukagawa -2147483648 ndi -1, yankho ndi 2147483648, ndipo ilibe malo okhala. Pa x86 purosesa imakana monga ikanira kugawa ndi ziro. Java ndi Go amabweza -2147483648 yemweyo. Rust amaimitsa pulogalamu. Mu C ngakhale chotsala chake, chimene masamu amati ndi 0, n'choopsa kuchifunsa, chifukwa lamulo la IDIV limawerengera zonse ziwiri pamodzi ndipo limagwa pa gawo. Pulogalamu imene imangoyang'ana ngati yogawira ndi ziro yatseka khomo limodzi mwa awiri.

Nambala yomweyi imaluma kwinanso. Posunga zinthu mu hash table, njira yosungira zinthu kuti zipezeke msanga, pulogalamu imasandutsa mawu kukhala nambala, n'kutenga chotsala pogawa ndi chiwerengero cha malo osungira. Mu Java nambala imeneyi imatha kukhala ya mayinasi, ndiye ambiri amalemba Math.abs(h) % n poganiza kuti achotsa mayinasiyo. Zimagwira pa manambala onse kupatula imodzi. Math.abs(-2147483648) amabweza -2147483648, poti mnzake wa pulasi kulibe. Mawu akuti "polygenelubricants" amatulutsa nambala imeneyi ndendende, ndipo ngati malo osungira ali 10, chotsala chimakhala -8. Math.floorMod(h, n) sayamba wachotsa mayinasi, amangotsitsa gawo, kotero pa mawu omwewo amapereka 2. HashMap ya Java yeniyeniyo sigawa n'komwe: chiwerengero cha malo ake chimakhala 16, 32, 64 ndi kupitirira motero, ndipo imangotenga ma bit a kumapeto kwa nambalayo.